Bodza la "yanyuwani" ndi sikelo ya Mulungu

Mawu otitsogolera: Amosi 8:4-7, Levitiko 19:14, Miyambo 20:14

Mayi ena a mumpingo mwathu, amasiye okhala ku Bangwe, adaponya ndalama kubanki m'khonde kwa miyezi isanu ndi itatu ndi cholinga chimodzi: agule foni yabwino, atsegule kabenchi kotumizira ndi kulandirira ndalama, kuti ana awo awiri asamabwezedwenso kusukulu. Tsiku logawana litakwana adakwera minibasi kutsikira ku Limbe. M'kasitolo kena pafupi ndi msika, mnyamata waulemu wake adawatulutsira foni ili m'bokosi, bokosilo lili lokutidwa ndi pulasitiki yonyezimira. "Iyi ndi yanyuwani, mayi. Mulungu akundiona, palibe adaigwirapo." Mayiwo adalipira, namudalitsa mnyamatayo. Lisiti sadapatsidwe, nawonso sadalifunse.

Pasanathe masabata atatu, batire lidayamba kutha dzuwa lisanafike paliwombo, kenaka chivindikiro chakumbuyo chidatukumuka. Wokonza mafoni ataitsegula adapukusa mutu. Foniyo idali itatsegulidwapo kale, ndipo nambala yake sidafanane ndi imene idalembedwa pabokosi.

Okondedwa awerengi, ndikudziwa kuti ambiri mwa inu mwamwetulira mowawa, pakuti nkhani yotere mudaimvapo kapena idakuonekerani. Ikuchitika ku Limbe, m'tinjira ta pakati pa Haile Selassie Road ndi Victoria Avenue, kumsika wa Ndirande, ngakhalenso pa Facebook ndi WhatsApp pamene malonda ambiri asamukira masiku ano. Mawu akuti "yanyuwani" atsika mtengo kuposa ndalama yathu.

Ndiyambe ndanena poyera kuti kugulitsa chinthu chakale si tchimo. Dziko lathu limakhalira zinthu zimene ena adagwiritsapo kale ntchito. Ambirife suti imene timavala popita kutchalitchi ndi yapakaunjika, ndipo m'masitolo a DAPP munthu amalowa akudziwa bwino chimene akukagula. Galimoto zambiri zimene zimapanikizana pa Ginnery Corner m'mawa uliwonse, za mtundu wa Sienta, Passo, Vitz ndi zina, zidayendapo kale m'misewu ya ku Japan. Kumeneko lamulo limafuna kuti galimoto yatsopano ikapimidwe ikatha zaka zitatu, kenaka zaka ziwiri zilizonse, ndipo kupimitsako n'kodula kotero kuti eni ake ambiri amasankha kuigulitsa. Kutaya kwawoko ndiye kutola kwathu. Ndalama ya kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu watsopano wochokera kunja adathawira kutali ndi thumba la munthu wamba. Ngakhale kaunjika yemwe adakwera mtengo mpaka mu Febuluwale 2025 ogulitsa ake ku Lilongwe adaguba kupita ku Nyumba ya Malamulo kukadandaula. Choncho amene amatibweretsera zakale pamtengo woti tingakwanitse akugwira ntchito yaulemu, ndipo Mulungu aidalitse.

Tchimo lili pa liwu limodzi lija. Munthu akagula chinthu akudziwa kuti n'chakale, amadziwa mmene angachisamalire, amanenerera mtengo molingana, ndipo amasungako kangachepe kokonzetsera. Koma ukamuuza kuti n'chatsopano, wamubera kawiri. Wamubera ndalama imene waonjezera pamtengo, ndipo wamuberanso tcheru chake. Amachoka ali wodekha mtima pamene amayenera kuchoka ali maso.

Mneneri Amosi, mbusa wa nkhosa wa ku Tekowa, adalalikira ku Israyeli m'masiku a mfumu Yerobiamu wachiwiri, zaka zoposa 700 Ambuye Yesu asanabadwe. Idali nthawi ya malonda otentha. Chodabwitsa n'chakuti amalonda amene iye adawadzudzula sadali anthu okana Mulungu. Ankasunga Sabata, ankatseka malonda awo pa tsiku la chikondwerero. Koma ali m'kati mwa mapemphero mitima yawo inkawerenga maola, kufunitsitsa kuti tsiku loyera lithe akatsegule nkhokwe, achepetse muyeso, akweze mtengo, apotoze sikelo, ndi kusesa zinyalala za pansi n'kuzigulitsa pamodzi ndi tirigu. Taonani chomalizachi. Zosesa zokha zikadagulitsidwa monga zosesa, wina akadagulira nkhuku zake, mlandu pakadapanda. Mlandu udabwera chifukwa zidalowa m'thumba ndi dzina la tirigu. Ndipo Yehova adalumbira kuti ntchito zimenezo sadzaziiwala.

Ndimaganiza za ndimeyi ndikamadutsa m'masitolo ena a mumzinda uno momwe nyimbo zauzimu zimalira tsiku lonse, pakhoma atapachika vesi m'felemu, koma pansi pa kauntala pali makina omatira pulasitiki pamabokosi akale. Sindikunena kuti onse ali otero, ayi. Koma tisadzinamize kuti ochita zimenezi ndi anthu achilendo ochokera kwina. Ambiri ndi ana athu, amaimba kwaya, ena amasonkha chakhumi mokhulupirika kuchokera pa phindu lomwelo.

Nkhani ya foni imathera pa ndalama ndi misozi. Pali katundu wina amene bodza lake limathera kumanda. Ku America, m'zigawo zambiri munthu wamba amaloledwa kugulitsa mfuti yake kwa mnzake, ndipo kumenekonso kuli ogulitsa amene amati mfuti ndi yatsopano pamene idaombapo kale. Kuno kwathu mfuti siyenda m'manja chotero, imafuna chiphaso cha kupolisi. Koma tili nacho chida chathu chimene chimapha mwakachetechete, ndicho tayala. Tayala lotha limasemedwanso mizere ndi mpeni wamoto, kulipaka polishi wakuda, n'kuliimika pamzere likuwala. Kusemako kumadya mphira wochepa umene udatsala pamwamba pa mawaya a m'kati. Mwini minibasi amagula, mwina podziwa, mwina posadziwa, n'kunyamula anthu kutsika nawo mapiri a pamsewu wa ku Chikwawa masana dzuwa likuswa mtengo, phula lili lotentha. Likaphulika pamenepo, wosema uja sakhalapo. Iye ali ku Ndirande, akudya nsima, ndipo akamva za ngoziyo pawailesi anena kuti zachisoni.

Chilamulo cha Mose sichimulola munthu wotere kusamba m'manja. Pa Deuteronomo 22:8 womanga nyumba adalamulidwa kuika kampanda patsindwi, kuti wina akagwa, mwazi usakhale pa nyumba yake. Sadamukankhe munthuyo, koma adasiya ngozi imene ankaidziwa. Ndipo pa Levitiko 19:14 pali lamulo loletsa kuika chopunthwitsa patsogolo pa munthu wosaona. Ife tikawerenga timaganiza za ana achipongwe oseweretsa wakhungu. Koma kodi wogula amene sangathe kuona m'kati mwa batire, m'kati mwa injini, kapena pansi pa polishi wa tayala, sali ngati wosaona pamaso pa wogulitsa amene akudziwa zonse? Vesi limeneli limatha ndi kukumbutsa za kuopa Mulungu, chifukwa wosaonayo sadzadziwa amene adamuikira mwala. Mboni yake ndi mmodzi yekha.

Chimodzimodzi amene amabweza m'mbuyo mita ya makilomita a galimoto isanaikidwe pamalo ogulitsira. Galimoto imene yayenda makilomita 180,000 ikaoneka ngati yayenda 60,000, mwini watsopano sasintha zitsulo zimene nthawi yake yosinthira idakwana kale. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, koma mkuyu sudzipaka wokha utoto. Apa pali dzanja la munthu.

Ndamvapo anyamata ena akudziteteza kuti, "Abusa, tikanena zoona sitigulitsa, mnzathu wa pafupi atilanda kasitomala." Mawuwa ndi oona, ndipo m'menemo ndi momwe muli tsoka lalikulu. Katswiri wa zachuma wa ku America, George Akerlof, adalemba za chimenechi m'chaka cha 1970 pogwiritsa ntchito chitsanzo cha msika wa galimoto zakale, ndipo mu 2001 adalandira nawo mphotho ya Nobel. Mfundo yake ndi yosavuta. Wogula akalephera kusiyanitsa chabwino ndi chovunda, amakana kulipira mtengo wa chabwino poopa kupusitsidwa. Mwini katundu wabwino, poona kuti mtengo wake sukukwana, amachoka pamsika. Otsala amakhala a zovunda okhaokha. Ndiye kuti wabodza mmodzi sabera kasitomala wake yekha. Amathamangitsanso mnzake wachilungamo amene ali naye benchi limodzi, ndipo pamapeto pake msika wonse umatenga dzina loipa. N'chifukwa chake lero munthu akagula chinthu chenicheni chatsopano ku Limbe, anzake kunyumba amamuseka kuti wapusitsidwa asanachione n'komwe.

Komatu Baibulo silisiya wogula ali woyera. Miyambo 20:14 imajambula munthu amene amanyoza katundu pamaso pa mwini wake kuti ngwachabe, koma akangokhota pakona amayamba kudzitama kuti watola. Ndife amenewo. Timafuna chatsopano pamtengo wa chakale, ndipo wogulitsa akatiuza zoona timachita tsinya n'kupita kwa amene atiuze zokoma. Tilinso ndi manyazi achabe. Timafuna kuti anzathu kuntchito atione tikung'amba pulasitiki. Amalonda adatiwerenga, ndipo pulasitikiyo ndi imene akutigulitsa.

Pa Yoswa 9 pali nkhani imene imandiseketsa ndi kundichititsa mantha nthawi imodzi. Anthu a ku Gibiyoni adachita bodza lomweli chobwerera m'mbuyo. Iwo adafuna kuti aoneke ngati achokera kutali, choncho adasenza matumba akutha, adavala nsapato zazigamba, natenga buledi wouma wochita nkhungu. Akuluakulu a Israyeli adayang'ana katunduyo, adakhutira ndi maso awo, osafunsa kwa Yehova, napangana nawo pangano. Patangotha masiku atatu adazindikira kuti adali anansi a pafupi. Kufunsa si kusowa chikondi, ndipo kupima chinthu musanalipire si kunyoza wogulitsa.

Ndiye funsani. Pafoni iliyonse mukatchaya *#06# pamatuluka nambala yake ya IMEI, ndipo iyenera kufanana ndi ya pabokosi. Pakhoma la tayala pali manambala anayi a kumapeto kwa mzere woyamba ndi zilembo za DOT: awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka chimene lidapangidwa. Mukaona 2317, tayalalo lidapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2017, kaya likuwala motani. Pogula galimoto pitani ndi makaniko wanu, osati amene wakupatsani wogulitsa. Ndipo koposa zonse, musachoke opanda lisiti, ndipo palisitipo alembepo kuti katunduyo ndi watsopano. Wonama pakamwa amanjenjemera akapatsidwa cholembera.

Malamulo a dziko nawo alipo. Lamulo loteteza ogula lidakhazikitsidwa m'chaka cha 2003. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a anthu onamizidwa pa malonda, ndipo lamulo latsopano la 2024, limene lidalowa m'malo mwa la 1998, lidalipatsa mphamvu zolipiritsa chindapusa. Bungwe la Malawi Bureau of Standards lakhala lilipo kuyambira 1972, ndipo la Consumers Association of Malawi, limene a John Kapito adadziwika nalo, lafuula kwa zaka zambiri. Koma tinene chilungamo: malamulowa amafika msanga kwa kampani yokhala ndi chikwangwani ndi adiresi. Mnyamata wa pabenchi amene lero ali ku Limbe, mawa ku Chirimba, nambala yake ya foni atasintha, lamulo limamupeza movutikira. Ndipo mayi wa ku Bangwe amene alibe lisiti akayambira pati?

Apa ndi pamene ndikuona kuti mpingo ukuzemba udindo wake. Timalalikira kwambiri za chigololo ndi mowa, ndipo masiku ano za madalitso ndi kutsegula makomo a bizinesi. Ndi liti pamene mudamva mkulu wa mpingo akufunsa wamalonda, asanamupempherere kuti katundu ayende, kuti katunduyo amamutchula dzina lanji kwa ogula? Zakeyu atakumana ndi Yesu sadayambe ndi chopereka cha kukachisi. Adalonjeza kugawira osauka theka la chuma chake ndi kubwezera kanayi aliyense amene adamulanda monyenga. Mipingo yathu ili ndi magulu a amalonda, ndipo m'tauni muno mumachitika mapemphero a masana tsiku ndi tsiku. Magulu amenewa akadagwirizana chinthu chimodzi chokha, kuti membala wawo aliyense azilemba pa katundu wake kuti "watsopano", "wogwiritsidwapo ntchito" kapena "wokonzedwanso", ogula akadadziwa benchi lopitako, ndipo wachilungamo uja sakadagonanso ndi njala chifukwa cha chilungamo chake.

Mayi a ku Bangwe aja adabwerera ku Limbe, ndipo ndidawaperekeza. Mnyamatayo tidamupeza. Poyamba adakana kuti sawadziwa, kenaka adaloza kapepala ka pakhoma konena kuti katundu akatuluka sabwezedwa. Nditamufunsa kumene amapemphera adanditchulira mpingo, ndipo ndikuudziwa. Ndidamufunsanso ngati angabwereze mawu aja akuti Mulungu akumuona, mayiwo ali pomwepo. Adakhala chete kanthawi, akuyang'ana pansi, kenaka adati nayenso amangogulitsira abwana ake, ndipo mabokosiwo amabwera ali omata kale kuchokera kuchipinda cha kumbuyo. Adalowa m'thumba mwake, natulutsa ndalama yokwanira batire latsopano, nati zotsalazo alankhula ndi abwanawo.

Papita miyezi iwiri tsopano. Mayiwo adatsegula kabenchi kawo, ndipo foniyo ikugwira ntchito ndi batire lachiwirilo, ngakhale imazima yokha ikatentha. Abwanawo sanayankhebe. Lachitatu likudzali tikupitanso, ndipo ulendo uno abusa a mnyamatayo avomera kutsagana nafe.