Sankhani koleji ndi mutu, osati ndi mwendo

Zotsatira za mayeso a MSCE zikangotuluka, m'makomo ambiri kuno ku Rumphi mumabuka mkangano umodzi womwewo. Mwana wakhoza bwino, koma mtima wake uli pa mpira. Iye akufuna koleji imene ili pafupi ndi timu yotchuka, pomwe bambo ake, amene agulitsa mabelo a fodya ku okushoni ya ku Mzuzu kuti apeze fizi, akufuna pepala. Sabata ino ndati ndilowerere mkangano umenewu, ndipo ndikuyankhula makamaka ndi inu anyamata.

Ndiyambe ndi kunja, chifukwa nkhani za pa foni zikusokoneza ambiri. Ku America, mayunivesite ambiri amasakasaka okha achinyamata aluso pa masewera, ena n'kuwalipirira sukulu. Kumeneko ngakhale masewera olasana ndi malupanga opyapyala, amene Azungu amawatcha fencing, ali ndi matimu a m'makoleji, makochi ndi mpikisano wa chaka ndi chaka pansi pa bungwe la NCAA. Masewerawa akhala ali pa Olimpiki kuyambira mu 1896. Komabe mnyamata wa fencing amadziwiratu kuti lupangalo silidzamudyetsa moyo wonse, choncho amaligwiritsa ntchito ngati kiyi wotsegulira chitseko cha sukulu yabwino. Masewera amamulowetsa, digiri n'kumutulutsa. Nzeru imeneyi ndi imene ndikufuna titengereko.

Kwathu kuno zinthu sizili choncho. Bungwe la NCHE likamayendetsa ntchito yosankha ophunzira opita ku mayunivesite a boma, zimene zimawerengedwa ndi magiredi a MSCE, osati zigoli. Popanda makirediti asanu ndi limodzi, kuphatikizapo Chingerezi, ngakhale mutachinya bwanji pa bwalo la Rumphi Stadium, khomo silitseguka. Ngongole ya fizi ku bungwe la HESLGB nayonso imaona kusowa kwanu ndi sukulu imene yakutengani. Siifunsa kuti mumasewera nambala yanji.

Ndikudziwa yankho lanu: nanga Tabitha ndi Temwa Chawinga si ana a kuno? N'zoona, ndipo timawanyadira. Tabitha adachinya zigoli 23 ku Inter Milan mu ligi ya ku Italy ya 2022/23, kuposa wina aliyense. Temwa adachinya 20 ku Kansas City Current mu 2024, n'kusankhidwa kukhala katswiri woposa onse mu ligi ya ku America. Koma tawerengani anyamata ndi atsikana onse amene adathamangitsa mpira wachikulunga ku Bolero, ku Mhuju ndi ku Chitimba m'zaka zomwezo. Amene akudya za mpira lero ndi angati? Mayina awiriwa amamveka kwambiri chifukwa ndi osowa.

Timu nayonso si chinthu choti mwana amangirepo zaka zinayi za moyo wake. Rumphi United idalowa mu TNM Super League mu 2022, chaka chomwecho n'kutuluka. Mzuni FC, imene inkanyamula dzina la yunivesite ya Mzuzu, idasewera mu ligi yaikuluyi kwa zaka zingapo, koma lero dzinalo simulipeza pa ndandanda. Mukasankha sukulu chifukwa cha timu, timuyo ikatha mudzatsala ndi kosi imene simunaifune.

Ndiye musanalembe dzina la koleji pa fomu, dzifunseni mafunso anayi.

Loyamba: bondo langa litaguluka m'chaka choyamba, dokotala n'kunena kuti mpira basi, kodi ndingakhalebe pa sukulu imeneyi mpaka kumaliza? Ngati yankho ndi ayi, malowo si anu. Funso limeneli ndi lalikulu kuposa ena onse.

Lachiwiri: kodi sukuluyo ndi kosi yakeyo n'zovomerezeka? NCHE imatulutsa ndandanda wa makoleji ndi makosi amene idawavomereza, ndipo za ntchito zamanja zili pansi pa TEVETA. Onani dzina la kosi yeniyeniyo, osati la sukulu lokha, pakuti sukulu itha kukhala yovomerezeka koma kosi ina ayi. Safunsa adadya phula.

Lachitatu: kodi mpirawo ndidzausewera kuti, ndipo ndidzafikako bwanji? Tengani chitsanzo cha University of Livingstonia, imene Sinodi ya Livingstonia ya mpingo wa CCAP idatsegula mu 2003. Kampasi yake ya Laws ili pamwamba pa phiri ku Khondowe, pamene Dr Robert Laws adakhazikitsa mishoni mu 1894. Ndi malo abata, abwino kuwerengerako. Koma amene adakwerapo msewu wa Gorodi kuchokera ku Chitimba, ndi makona ake 20, akudziwa kuti kutsika phiri limenelo kawiri kapena katatu pa sabata kukachita zokonzekera ndi timu yakutali si nkhani yamasewera. Yunivesite yomweyo ili ndi kampasi ina ku Ekwendeni, pafupi ndi Mzuzu kumene kuli matimu ambiri. Si kuti kwina n'kwabwino kuposa kwina. Ndikungoti muwerengeretu ndalama ya thiransipoti ndi maola a pa msewu. Kaoneni bwalo ndi maso anu, ndipo mufunse ophunzira amene ali kale pamenepo, osati chithunzi cha pa kalendala.

Lachinayi: masewera akagundana ndi mayeso, chidzagonje n'chiti? Funsani kochi wa timu imene ikukufunaniyo maso ndi maso, makolo anu ali pomwepo. Kochi amene akukwinya nkhope mukatchula za mayeso wakuyankhani kale.

Musandimve molakwa, sindikuti musiye mpira. Ngati mtima wanu wonse uli pa masewera, pali njira yowasandutsa ntchito yokhalitsa. Yunivesite ya MUST ku Thyolo ili ndi digiri ya sayansi ya zamasewera. Mphunzitsi amene amadziwa mpira ndi dalitso pa sukulu iliyonse, ndipo dziko lino likufuna makochi, oyimbira masewera ndi odziwa kusamalira ovulala amene adapita kusukulu. Wosewera amapachika nsapato zaka zikangopitirira 30, koma anthu amenewa amagwira ntchito mpaka imvi.

Nanunso makolo, musamuone mwana wokonda mpira ngati wotayika. Mwana amene amadzuka mbandakucha kukathamanga popanda womukakamiza ali kale ndi khalidwe limene limakhozetsa mayeso. Khalani naye pansi, muyankhe naye mafunso anayiwa. Mukangomuletsa, adzasewerabe mobisa, ndipo chimene chidzavulale ndi sukulu imene mukulipirayo.

Akuluakulu adati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ena amagwiritsa ntchito mwambiwu pouza ana kuti asankhe chimodzi, buku kapena mpira. Ine ndimaumva mosiyana pang'ono. Chimene chimavumbwitsa munthu ndi kuthamangathamanga pakati pa mapanga awiri osadziwa kuti kwawo n'kuti. Phanga lanu likhale kosi imene mwasankha mwadala. Mpira muzikasewera kukacha, mukudziwa pobwerera mvula ikayamba.

Tionanenso sabata yamawa.