Mantha a Mayi Woyembekezera Sathetsedwa ndi Chindapusa

Pa tchuthi cha August ndinachoka ku Chipata, kumene ndimaphunzitsa, kupita kwathu ku Chadiza kukaona mng'ono wanga amene anali ndi pakati poyamba, miyezi isanu ndi itatu. Khadi lake la sikelo linali lodzaza bwino: magazi anamupima, mankhwala oteteza malungo anamwa, neti ali nayo. Koma usiku sankagona. Tili awiri kukhitchini anandinong'oneza kuti, "Asisi, ine ndikuona ngati sindidzabwerako." Nditamufunsa ngati anawauza anasi, anangoseka. "Ndiwauze nthawi yanji? Amakupima mimba, amalemba, basi wotsatira alowe."

Izi n'zimene zandikwiyitsa mpaka kulemba nkhani ino. Dziko lathu lagwira ntchito yaikulu yokokera amayi kuchipatala. Kafukufuku wa Zambia Demographic and Health Survey wa 2018 anapeza kuti ana 84 pa 100 alionse amabadwira kuchipatala. Tamanga nyumba zodikirira, taphunzitsa magulu a SMAG, ndipo m'madera ena mafumu amalipiritsa chindapusa mayi woberekera panyumba. Thupi la mayi talifikitsa pakhomo la chipatala, koma palibe amene amamufunsa chimene akuopa.

Musanene kuti mantha ake ndi opanda pake. Kafukufuku yemweyo anapeza kuti amayi 252 amamwalira pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo. Mtsikana wa kumudzi sadziwa nambala imeneyi, koma maliro a mnzake amene anapita kukachira n'kubwerako m'bokosi anapitako. Komanso mantha amagwira thupi. Mayi akachita mantha kwambiri, thupi limatulutsa adrenaline, amene amasokoneza oxytocin, mphamvu imene imakankha chiberekero. Minofu imauma, ululu umakula, ndipo ululuwo umawonjezera mantha. Dokotala wa ku Britain, Grantly Dick-Read, anafotokoza zimenezi m'buku lake la 1933. Papita zaka zoposa 90, ife tikanali kuuza mayi kuti "limba mtima" ngati amenewo ndi mankhwala.

Ena akuti kuphunzitsa mayi kuthana ndi mantha ndi za azungu. Amenewa aiwala mwambo wawo womwe. Achewa tili ndi chisamba, pamene anamkungwi amalangiza mtsikana wa mimba yoyamba. Makolo athu ankadziwa kuti munthu salowa m'chikuta wosakonzekera. Vuto ndi zina zimene timalangiza. Timamuuza kuti akalira achititsa manyazi mtundu wake. Timamuuza kuti mwana akachedwa kubadwa ndiye kuti wina anayenda njira yolakwika, ndipo adzafunsidwa kutchula mayina a amuna. Mtsikana wa zaka 19 amatuluka m'chilangizo chotere ataopa kuposa mmene analowera. Mwana amachedwa chifukwa cha kagonedwe kake m'mimba, kuchepa kwa njira kapena kufooka kwa chiberekero. Nthawi imene timatha pofunsa mayina ndi nthawi yofunika kuitanitsa ambulansi.

Ena akuti anamwino ndi ochepa ndipo akatswiri a maganizo ali ku Chainama ku Lusaka. Zoona. Koma ntchito iyi siyembekeza dokotala. Ku Harare, Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, kumene agogo ophunzitsidwa amakhala pabenchi kunja kwa kiliniki n'kuthandiza anthu olemedwa m'maganizo. Mu 2015 bungwe la WHO linatulutsa buku la Thinking Healthy, lochokera ku ntchito ya ku Pakistan, loti anthu wamba a zaumoyo m'midzi azithandizira amayi oyembekezera ovutika maganizo. Agogo a ku Mbare atha. A kwa Mlolo ndi kwa Zingalume angalephere bwanji?

Chofunika n'chochepa. Pa maulendo asanu ndi atatu a sikelo amene WHO inalimbikitsa mu 2016, pakhale nthawi yoti amayi akhale pamodzi, aliyense atchule chimene akuopa popanda kusekedwa. Afotokozeredwe mmene matenda a kubereka amayendera kuyambira poyamba mpaka mwana atatuluka. Aphunzire kupuma pang'onopang'ono ndi kumasula thupi ululu ukabwera. Aone chipinda choberekeramo tsiku lisanafike. Aloledwe kulowa ndi munthu amene amamukhulupirira, monga WHO inanenera mu 2018. Amene mantha awapitirira atumizidwe kwa odziwa zambiri. A SMAG ndi anamkungwi aphunzitsidwe limodzi, kuti mayi asamve zina kusikelo, zina kumudzi.

Mng'ono wanga anachira mu September, mwana wamkazi, onse ali bwino. Koma akuti wachiwiri sakumufuna, ndipo akamanena manja amanjenjemera. M'kaundula wa chipatala analembedwa kuti zonse zinayenda bwino. Akuluakulu a zaumoyo m'boma la Chadiza ndi mafumu athu, musanakhalenso pansi kukambirana za chindapusa, tumizani munthu akakhale ndi amayi amene ali m'nyumba yodikirira lero, awafunse chimene chikuwasowetsa tulo.