Atigulitse Kuwala, Asatigulitse Moto

Kalembera wa anthu ndi nyumba amene anachitika m'chaka cha 2018 anatiululira chinthu chimene munthu aliyense wokhala kumudzi anachidziwa kalekale, koma chimene akuluakulu okonza za chitukuko sachedwa kuchiiwala: kuti mabanja oposa theka m'Malawi muno, dzuwa likapita kwa make, saunikira magetsi a ESCOM, amene pa nthawiyo anali atafika m'nyumba pafupifupi 11 zokha mwa 100 zilizonse, ndiponso saunikira nyali ya koloboyi imene inatidetsa mphuno ndi mwaye wake masiku aja, koma amaunikira tochi ya mabatire. Tochi ndiyo nyali ya mtundu wathu. Mwana wa Sitandade 8 amawerengera mayeso pa iyo, mlonda amazungulira nayo mpanda wa abwana ake, ndipo apongozi amaperekezera nayo mayi woyembekezera kuchipatala pakati pa usiku. Nawonso a m'tauni, amene ankayesa tochi chinthu cha akumudzi, anaigwadira pamene namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, mdima n'kukhala mlendo wa tsiku ndi tsiku kwa miyezi yambirimbiri.

Tsono popeza kuunika kwathu kwatsamira pa batire, mtengo wa batire suli nkhani yaing'ono ayi. Mabatire a pa okala, aja ogula awiriawiri, amawala bwino madzulo oyamba, pakapita masiku ochepa kuwala kwake kwafiira ngati maso a munthu wosagona. Ndipo mwini wake, pomvera chisoni ndalama yake, amawayanika padzuwa, kapena kuwaluma ndi mano kuti mwina angaunikeko usiku umodzi wina, kufikira atawataya kudzala kumene ana amakawatola ndi kuwaswa. Mawa lake apitanso ku okala. Mabatirewa amachokera kunja, ndipo pamene ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wake unakwera pamodzi ndi wa sopo ndi mchere. Wosauka amalipira kuunika kwake pang'onopang'ono, ndipo chifukwa cha kuchepa kwa ndalama ya tsiku limodzi saona kuti pa chaka walipira zambiri kuposa mnzake wa nyumba ya magetsi.

Pa chifukwa ichi ine ndili kumbali ya iwo amene amati tizitchaja, ndipo sindichita nazo manyazi. Batire la lithium lotchaja, limene limapezeka kwambiri m'matochi amakono, ndi lija lotchedwa 18650, pakuti m'mimba mwake ndi mamilimita 18 ndipo m'litali ndi mamilimita 65. Likakhala lenileni, mphamvu imene limasunga pa kutchaja kumodzi imafanana ndi ya mabatire abwino atatu aang'ono aja a AA, kapena ochulukirapo ngati tiyerekeza ndi otchipa a pa okala. Limatha kutchajidwa ka 300 kapena ka 500 lisanafooke kwenikweni. Ndipo yuniti imodzi ya magetsi ikwanira kulidzaza koposa ka 50, osanenapo za iye amene ali ndi kasola padenga, amene dzuwa limamtchajira kwaulere. Aliyense wodziwa kuwonkhetsa aone yekha: batire limodzi lilowa m'malo mwa mabatire otaya mazanamazana. Ngakhale litagulidwa pa mtengo wa mabatire wamba 20, mwini wake adzakhala atabweza ndalama yake mvula isanagwe kawiri.

Koma pali mlandu, ndipo mlanduwo ndi umene wandigwiritsa cholembera lero. Mawu akuti lithium amalembedwa pa mabatire a mitundu iwiri yosiyana kotheratu, ndipo ogulitsa ambiri, kaya chifukwa cha umbuli kaya chifukwa cha dyera, salekanitsa. Alipo mabatire a lithium ogwiritsa ntchito kamodzi kokha, monga kabatire kafupi konenepa kotchedwa CR123A, ka mavolti 3, kamene kamalowa m'matochi ena amphamvu ndi m'makamera. M'kati mwake muli chitsulo cha lithium chenicheni, ndipo pachikopa pake pamalembedwa m'Chingerezi kuti kasatchajidwe. Munthu akakakamiza magetsi kubwerera m'batire lotere, lithium uja sabwerera mwadongosolo pamalo pake, koma amamera ngati timinga tosongoka, timene timakula kufikira titaboola kansalu kolekanitsa mbali ziwiri za batire, ndipo pamenepo mphamvu yonse imatuluka nthawi imodzi monga moto. Izi si zongoopseza ana. Kampani ya Moli Energy ya ku Canada, imene inali ndi akatswiri ake ndi nyumba zake zoyeseramo, inayesa kugulitsa mabatire otchaja okhala ndi chitsulo cha lithium, ndipo mu 1989 foni ina itayaka ku Japan ndi kuvulaza mwini wake, mabatirewo anaitanidwa kuti abwezedwe ndipo kampaniyo inagwa. Batire lotchaja limene tili nalo lero, limene kampani ya Sony inayamba kugulitsa mu 1991, linatheka pokhapokha anthu ataleka kuika chitsulocho m'kati ndi kupeza njira ina yosungira lithium. Ndipo ntchito imeneyi ndiyo inapatsa John Goodenough, Stanley Whittingham ndi Akira Yoshino mphoto ya Nobel mu 2019. Chimene chinalaka anthu ophunzira chotere, kodi chidzatheka ndi mnyamata wa pamsika amene amagunditsa mawaya awiri a tchaja ya foni ku kabatire ndi kukuuzani kuti "kadzuka, bwana"?

Ngakhale batire lotchaja lenilenilo lili ndi malamulo ake, ndipo silikhululukira wowaswa. Likadzaza limafika mavolti 4.2, ndipo tchaja iyenera kulekera pomwepo. Likatsitsidwa kupyola mavolti 2.5 ndi kusiyidwa chomwecho nthawi yaitali, m'kati mwake mumaonongeka mosaoneka ndi maso, kotero kuti tsiku limene mwini wake adzalitchajanso likhoza kutentha. Kansalu kolekanitsa mbali zake n'kopyapyala kuposa tsitsi la munthu, ndipo madzi ake ndi oyaka. Likayamba kutentha m'kati, kutenthako kumabala kutentha kwina, osalekeza, kufikira litaphulika ndi kutulutsa utsi wapoizoni umene suyenera kupumidwa. Makampani akuluakulu a dziko lapansi anapunthwa pamwala womwewu: Dell inaitanitsa mabatire a malaputopu oposa 4 miliyoni mu 2006, ndege zonse za Boeing 787 zinaimitsidwa kuuluka mu Januwale 2013, ndipo Samsung inasiya kupanga foni ya Galaxy Note 7 mu 2016, zonsezi chifukwa cha mabatire oyaka. Awa ndi anthu amene ali ndi dzina loti aliteteze ndi makhoti oti awaope.

Nanga ife timagula kwa yani? Pitani pa benchi ya wogulitsa zamagetsi mumsika uliwonse wa m'tauni, munyamule limodzi la mabatire a 18650 ofiira kapena abuluu aja oyalidwa pafupi ndi mahedifoni ndi maloko, muwerenge. Palembedwa 9900 mAh (muyeso wa mphamvu imene batire limasunga), nthawi zina kuposa pamenepo, pamene makampani odziwika monga Panasonic, Samsung ndi LG, ndi nzeru zawo zonse, batire la msinkhu umenewu amalifikitsa cha m'ma 3500. Liyeseni m'dzanja: lenileni limalemera magalamu pafupifupi 45, koma ili n'lopepuka ngati mulibe kanthu. Dzina la wopanga palibe, kapena lilipo losadziwika kwawo. Ena mwa mabatirewa ndi akale, ochotsedwa m'malaputopu akufa ndi kuvekedwa chikopa chatsopano chonyezimira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mabuku Opatulika amadzudzula kawirikawiri wamalonda wa miyeso yonyenga, ndipo sindiona kusiyana pakati pa iye wopimira chimanga m'chitini chophwanyidwa kunsi ndi iye wolemba nambala yabodza pa batire. Kungoti woyambayo amakugonetsani ndi njala, pamene wachiwiriyu akhoza kukugonetsani panja, nyumba itasanduka phulusa.

Tchaja nazo ndi chimodzimodzi. Yabwino imadziwa kuleka yokha batire likadzaza; yotchipa, ija yopepuka ya kachitsulo kotsetsereka, nthawi zina imangothirabe magetsi usiku wonse, eni nyumba ali m'tulo, batire lili pamphasa pafupi ndi neti ya udzudzu, pansi pa denga la udzu. Onjezerani apo zizolowezi zathu. Bambo amaika batire lapadera m'thumba la buluku limodzi ndi makiyi ndi ndalama zachitsulo, osadziwa kuti thupi lonse la batirelo ndi mbali imodzi ya magetsi, yobisidwa ndi kachikopa kapulasitiki kokha, ndi kuti kachikopako kakang'ambika cha kumutu, kiyi imodzi ikwanira kuliyatsa pantchafu pake. Wina, tochi yake ikakhala yolowa mabatire awiri, amaphatikiza latsopano ndi lakale, ndipo lamphamvulo limakankhira magetsi chobwerera m'lofookalo, m'kati mwa chitsulo chotsekedwa ndi mazinga mbali zonse, chimene mpweya ulibe potulukira.

Ndikudziwa kuti alipo amene adzati, ngati zili choncho, tileke zonsezi, tibwerere ku mabatire otaya ndi ku kandulo. Awa ndiwayankha kuti kandulo yatentha nyumba zambiri ndi kupha ana ambiri m'dziko muno, ndipo palibe anailetsa. Tinangophunzira kusaisiya yoyaka pafupi ndi nsalu. Walira mvula walira matope. Amene afuna phindu la kutchaja alandirenso mwambo wake, umene suli wolemetsa: kutchaja masana munthu ali maso, pasimenti kapena padothi, kutali ndi udzu ndi zofunda, kusatchaja batire lililonse limene silinalembedwe kuti n'lotchaja, kuleka kugwiritsa ntchito lotupa, lophwanyika, long'ambika chikopa kapena lotentha mosagwirika, ndi kusaliponya pamoto wa zinyalala. Iye amene wailesi kapena tochi yake imalowa mabatire a AA asavutike n'komwe ndi lithium, pakuti alipo otchaja a mtundu wa NiMH, a mavolti 1.2, amene ndi ofatsa kwambiri. Ndipo kwa iwo onena kuti wosauka sangakwanitse batire lenileni, ndinena kuti wosaukayo akulipira kale mtengo wake kangapo pa chaka ku okala. Chimene chimsowa ndi ndalama ya pamodzi, ndipo iyi ndi ntchito imene banki mkhonde ingaigwire mosavuta.

Koma sikuyenera kuti mtolo wonse usenzedwe ndi wogula, amene alibe chipangizo choyezera ndipo chenjezo limene anamulembera lili m'Chingerezi kapena m'Chitchaina, m'zilembo zazing'ono zosawerengeka ndi kuwala kwa tochi yomweyo. Bungwe loona za miyezo ya katundu la Malawi Bureau of Standards lilipo chiyambire 1972, ndipo lili ndi mphamvu yoyeza katundu wolowa m'dziko. Batire lolembedwa 9900 mAh silifuna kafukufuku wautali, pakuti bodza lake lalembedwa pamphumi. Ndipempha bungweli mwaulemu kuti litume anthu ake m'misika ya Limbe, Lilongwe ndi Mzuzu, ayeze mabatire ndi matchaja amene ali pamabenchi, alengeze pa wailesi m'zilankhulo zathu mayina a amene apezeka oona ndi amene apezeka onyenga, ndipo onyengawo aziimitsidwa pa Mwanza, pa Dedza ndi pa Songwe asanafike kwa mavenda, amene ambiri a iwo nawonso ananamizidwa ndi owapikulitsa. Oitanitsa katunduyu alamulidwe kumata chenjezo la m'Chichewa ndi m'Chitumbuka pa paketi iliyonse, ndipo makhonsolo aike malo otayako mabatire akufa, kuti asamathere kudzala kumene kumayatsidwa moto madzulo aliwonse.

Pamene tikudikira akuluakuluwo, inu owerenga, usiku uno tsegulani tochi yanu, mutulutse batire, muliyang'ane bwino. Ngati ndi la 18650 ndipo nambala yake ya mAh ipyola 4000, kapena chikopa chake chang'ambika, kapena palibe mawu osonyeza kuti n'lotchaja, musalilowetsenso pa tchaja.