Kodi ku Ford akudyetsa mnzake ndani?

Amayi ndi abambo a pamsika, sabata ino tisiye kaye zandale, tisuzumire m'mabuku a ndalama a Ford, kampani yopanga galimoto ya ku America. Musathawe ayi. Nkhaniyi ndi ya geni ngati yanu yomweyo, kungoti anzathuwa amawerenga mabiliyoni a madola pomwe inu mumawerenga za m'kachikwama kam'chiuno.

M'chaka cha 2024 Ford inalowetsa madola 185 biliyoni, ndipo itachotsa zonse inatsala ndi phindu la madola 5.9 biliyoni. Ukangomva choncho umati basi kumeneko kuli bwino, aliyense akugona tulo. Koma nambala imodzi ngati imeneyi ili ngati ndalama za mayi amene amagulitsa tomato, ufa ndi kaunjika pabenchi limodzi n'kumaponya zonse m'thumba limodzi. Madzulo thumba lafufuma ndithu, koma mukawafunsa kuti tomato wabweretsa zingati, angokuyankhani kuti Mulungu watidalitsa. Chonsecho mwina tomatoyo akudya za kaunjika mwezi ndi mwezi.

Kufikira 2022, Ford inkagawa mabuku ake potsata madera: kumpoto kwa America, kummwera kwa America, ku Ulaya, ku China ndi misika ina yotsala. M'mwezi wa March chaka chomwecho bwana wamkulu wa kampaniyi, a Jim Farley, analengeza kuti bizinesi aigawa potsata mtundu wa malonda, ndipo kuyambira 2023 malipoti anayamba kutuluka m'milu yatsopano. Mulu woyamba anautcha Ford Blue, wa galimoto za petulo ndi dizilo zomwe tinazizolowerazi. Wachiwiri Ford Model e, wa galimoto zoyendera magetsi. Wachitatu Ford Pro, wa malole, mapikiapu ndi mavani ogulitsa kwa makampani ndi maboma. Pambali panalinso Ford Credit, nthambi yokongoza anthu ndalama zogulira galimoto, yomwe imapha makwacha ake pa chiwongoladzanja.

Apa ndiye chinsinsi chinaphulika. Mu 2023 Ford Blue inapanga phindu la madola 7.5 biliyoni, Ford Pro 7.2 biliyoni, pomwe Model e inaluza madola 4.7 biliyoni. Eni akewo anali atanena kumayambiriro kwa chaka kuti aluza 3 biliyoni yokha. Mu 2024 Ford Pro inakwera kufika 9 biliyoni, Ford Blue inatsika kufika 5.3 biliyoni, ndipo Model e inamwazanso 5.1 biliyoni. Dziwani kuti manambala a miluwa ndi a phindu asanachotse msonkho ndi chiwongoladzanja cha ngongole za kampani, ndiye musawaphatikize n'kuyembekeza kuti afanana ndi 5.9 biliyoni uja.

Taonani tsopano. Galimoto zamagetsi ndi zomwe zinkatchuka m'nyuzi ndi pa kanema, koma wodyetsa banja anali vani ya mmisiri wa mapaipi ndi lole ya kontilakitala. Mwana wotchena ndi wina, wolima ndi wina.

Nanga anaululiranji manyazi otere? Mabwanawo ankati Model e ionedwe ngati bizinesi yongoyamba kumene, yomwe imayenera kudya mpamba isanayambe kubweza. Pamenepo ine sinditsutsa, aliyense wa inu anayambapo geni n'kukhala miyezi osaona phindu. Komanso pali lamulo. Ku America, kuchokera 1997, kampani yogulitsa masheya kwa anthu imayenera kuonetsa zigawo zake momwe bwana wamkulu amazionera akamagawa ndalama. Maiko ambiri amatsata lamulo lofanana nalo lotchedwa IFRS 8, n'chifukwa chake ngakhale Press Corporation kuno kwathu imalemba padera za banki, za mafoni ndi zina.

Koma ine pomwe pandikayikitsa ndi apa: woika milu ndi mwini katundu. Nonse mukudziwa kuti mulu wa tomato umakula kapena kuchepa malinga ndi dzanja la woika. Tengani Ford Ranger, pikiapu yomwe timaiona m'misewu mwathu muno, imenenso imapangidwa ku Silverton ku Pretoria. Malinga ndi kagawidwe ka 2023 kaja, Ranger yogulitsidwa ku Ulaya inkalembedwa m'buku la Ford Pro, pomwe yogulitsidwa kuno ku Africa inkapita m'buku la Ford Blue. Galimoto yomweyo, mabuku awiri. Palibe wabera munthu, zonse anazilemba poyera, koma mukamva kuti gawo lakuti lachita bwino, funsani kaye kuti aikamo chiyani.

Ndiye pali zolipira zogawana. Mukabwera ndi matola kuchokera kopikula mutanyamula tomato ndi ufa, ndalama ya thiransipoti mumailemba pamutu pa ndani? Nanga chiphaso cha msika? Mukaikankhira yonse kwa ufa, tomato aoneka mfumu. Makampani nawo ali ndi mutu womwewo: fakitale imodzi, mainjiniya amodzi, malipiro a mabwana a kulikulu. Zina amagawira zigawo, zina amaziika pamzere wakewake kunsi kwa lipoti komwe anthu ambiri safika powerenga.

Mzere wakunsiwo ndiye woopsa. Mu December 2025 Ford inalengeza kuti ifafaniza m'mabuku pafupifupi madola 19.5 biliyoni, makamaka chifukwa chosintha maganizo pa galimoto zamagetsi, ndipo inasiya kupanga F-150 Lightning yoyendera magetsi okhaokha. Kuyerekeza, ndalama imeneyi ikuposa katatu phindu lonse la kampaniyi la mu 2024. Koma anaiika m'gulu la zinthu zomwe amati n'zapadera, zosachitika chaka ndi chaka, ndipo gulu limeneli sililowa m'nambala ya phindu la gawo lililonse. Ndiye munthu amene anagula masheya n'kungoyang'ana mzere wa Model e, chiphaliwali chimenechi sachipeza pamenepo. Ayenera kutsika ndi chala mpaka kunsi kwa tsamba.