Njinga yakale ija musaipeputse

M'masitolo mwadzaza njinga zonyezimira zokhala ndi shoko kutsogolo ndi kumbuyo, pamtengo wokopa mwana wa sukulu. Ine ndikuti zisiyeni. Shoko yakumbuyo yotchipa imangolemeretsa njinga, imameza mphamvu zanu pachitunda, ndipo ikayamba kugwedera mmisiri amangopukusa mutu.

Funani njinga yam'mapiri ya pakaunjika yopanda shoko kumbuyo, monga zija za m'ma 1990 za matayala a mainchesi 26, muikonzenso nokha. Kutchalitchi timakamba za ukapitawo ngati kuti umathera mu envulopu ya chakhumi, chonsecho kudzutsa chinthu chimene wina anachitaya ndi ukapitawonso. Ena amati ntchitoyi imadya nthawi yowerenga. Imadyadi, mwina Lamlungu lathunthu, koma foni imadya yochuluka ndipo sitidandaula.

Yambani ndi fulemu. Itsukeni, muyang'anitsitse ming'alu m'malo owotcherera. Ikakhala yachitsulo mwachita mwayi, chifukwa wowotcherera wa pamsika angathe kuilumikiza. Ya aluminiyamu ikang'aluka, oikonza ndi osowa.

Ndalama zoyamba zipite ku mabuleki, osati ku penti. Tinjira ta m'minda ya tiyi ku Thyolo timaterera mvula ikagwa, ndipo pamtsetse penti sangakuimitseni. Kenako tcheni, pakuti yotha imadya mano a magiya, mawa n'kugula zonse ziwiri. Mahandulo otalikirapo amathandiza kuwongolera pamiyala, koma amenewo angadikire mwezi wamawa. Chisoti chokha chisadikire.