Njerwa Zimene Zimalalikira

Tikachoka ku Mandala kulowera ku Mishoni, timaona tchalitchi cha St Michael and All Angels. Abusa David Clement Scott, amene sanaphunzire za mamangidwe, anachimanga pamodzi ndi makolo athu kuyambira 1888 kufikira 1891, ndi njerwa zoumbidwa konkuno. Dzina la Mikaeli limachokera m'mabuku a Danieli ndi Chivumbulutso. Buku Lopatulika lathunthu linasindikizidwa m'chinenero chathu mu 1922, ndipo nyimbo zathu ndi maina a ana athu zimatunga pachitsime chomwecho.

Koma kusukulu tikafunsa Rute kapena Yoswa mbiri ya dzina lake, amangozolika. Makolo anzathu, mlanduwu ngwathu. Madzulo ano tisanagone, titsegule Buku pamodzi ndi ana, pakuti kuongola mtengo n'kuuyamba uli waung'ono.