Mtsinje nawo uli ndi kabuku kake ka kuchipatala

Mukabwera kuchipatala mutaiwala kabuku kanu, mumatipatsa ntchito. Titha kukuyezani BP lero, koma sitingadziwe ngati yakwera dzulo kapena yakhala ikukwera kwa zaka zisanu. Mtsinje nawo ndi chimodzimodzi.

Taganizirani South Rukuru, womwe umayambira kummwera kwa Mzimba n'kukathira m'nyanja ya Malawi m'boma la Rumphi. Pamitsinje ngati uwu boma linkazika zitsulo zolembedwa manambala, ndipo munthu wapafupi ankalemba tsiku ndi tsiku pomwe madzi alekeza. Akatswiri ankatenga manambalawo n'kuwerengera kuchuluka kwa madzi odutsa pa sekondi iliyonse. Malo ambiri oyezera anasiya kugwira ntchito, ndipo zolemba zomwe zikadali pamapepala zikungodikira chiswe.

Mwina mukuti za makedzana zilibe phindu. Imvani izi. Msinkhu wa madzi a m'nyanja ya Malawi unayamba kulembedwa mu 1896. Nyanjayi inatsika kwambiri mwakuti kuyambira 1915 mpaka 1935 inasiya kuthira madzi mu Shire, mtsinje womwe lero umatipatsa magetsi ku Nkula ndi ku Tedzani. Munthu wongoona zolemba za zaka 40 zapitazi angalumbire kuti zimenezi sizingachitike.

Ife azaumoyo nkhaniyi imatikhudza. Dziwe kapena thanki yomangidwa potengera zaka zochepa za mvula yabwino imauma chilala chikafika. Mipope ikauma mu Okutobala, amayi a ku Edingeni amakakumba mchenga wa mumtsinje, pomwe ng'ombe zimamweranso, ndipo ana otsekula m'mimba amadzaza benchi yathu. Mlatho wochepa msinkhu nawo ukamira, ambulansi yonyamula mayi woyembekezera imaima tsidya lina.

N'chifukwa chake ndikuti a Dipatimenti ya Zamadzi ndi a National Water Resources Authority asonkhanitse mabukuwa, awajambule, awalowetse mu kompyuta. Asasiye masamba osonyeza pomwe chitsulo chinazikidwa ndi tsiku lomwe chinasunthidwa, chifukwa mchenga ukadzaza mtsinje, mita imodzi ya 1965 siyifanana ndi mita imodzi ya lero. Ntchitoyi n'njotchipa kuposa kumanganso mlatho umodzi.

Ngati agogo anu ndiwo ankawerenga chitsulo cha pamtsinje, kasuzumireni m'sutikesi mwawo musanakolezere moto mapepala akalewo. Jambulani tsamba lililonse ndi foni, mukawaonetse a zamadzi paboma.